Lipoti: Mpikisano wa 24 Hours of Lemons ndi Lamulo la $500

Mpikisano wa 24 Hours of Lemons wa ku America umayendera lamulo limodzi lalikulu: galimoto yolowa m'bwalo isadye ndalama zoposa $500, kuphatikiza kuigula ndi kuikonza kuti ithamange. Ndalama zogulira zida zoteteza moyo wa dalaivala siziwerengedwa pamenepa. Kusiyanitsa zinthu ziwirizi, liwiro ndi chitetezo, ndi kumene kwachititsa kuti mpikisanowu ukhalepo mpaka lero, ndiponso ndi kumene magulu atsopano ambiri amalakwitsa akamakonza galimoto yawo yoyamba.

Chiyambi

Anauyambitsa ndi Jay Lamm, mtolankhani wa nkhani za magalimoto wa ku California. Poyamba kunali ulendo wa pamsewu wotchedwa Double 500, wa makilomita 500 pa magalimoto a $500. Mu Okutobala 2006 anasamutsira maganizo omwewo m'bwalo la mpikisano la Altamont Motorsports Park, kufupi ndi tauni ya Tracy. Ndi bwalo lomwe lija munachitikira phwando la nyimbo lotchuka la mu 1969, ndipo linatsekedwa mu 2008. Dzina la mpikisanowu analitengera ku 24 Hours of Le Mans, mpikisano wa ku France umene unayamba mu 1923, koma mipikisano yambiri ya Lemons simafika maola 24. Kawirikawiri amathamanga Loweruka masana, kupumula usiku, n'kupitiriza Lamulungu, zonse pamodzi maola pafupifupi 14 kapena 15. Ya maola 24 enieni imachitika mwa apo ndi apo.

Kuchokera ku Altamont unafalikira m'mabwalo monga Thunderhill ndi Sonoma ku California, MSR Houston ku Texas, Carolina Motorsports Park ku South Carolina ndi GingerMan ku Michigan, kenako unafika ku Australia ndi ku New Zealand. Mu Seputembala 2014, magalimoto 216 ananyamuka limodzi pa bwalo la Thunderhill la makilomita 8, ndipo a Guinness World Records analemba kuti panalibe mpikisano wina umene unakhalapo ndi magalimoto ochuluka chonchi.

Lemons siunali woyamba kuika malire a ndalama. Magazini ya Grassroots Motorsports ya ku Florida inayamba mpikisano wake mu 1999 ndi malire a $1,500, ndipo lero umadziwika kuti $2000 Challenge. Koma kumeneko galimoto imangofunika kukhota m'makona kwa kanthawi kochepa, kuthamanga mamita 402 mowongoka, ndi kuonetsedwa kwa oweruza. Injini yopanikizidwa ndi tabo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ionjezere mphamvu, imapindula kumeneko chifukwa imangofunika kukhala ndi moyo kwa masekondi. Ku Lemons injini yomweyo imafa dzuwa lisanapendeke.

Mmene $500 imawerengedwera

Zimene zimalowa m'malire ndi mtengo wogulira galimoto ndi chilichonse choithandiza kuthamanga kapena kulimba: injini, giyabokosi, kalachi, radiyeta, mashoko, masipuling'i, malamba a injini ndi mapampu a madzi. Zimene sizilowa ndi khola lachitsulo (mapaipi owotcherera m'kati mwa galimoto kuti ateteze dalaivala pangozi), mpando wa mpikisano, malamba omangira dalaivala, chozimitsira moto, swichi yozimitsira magetsi onse, mabuleki, marimu ndi matayala. Ntchito ya manja a eni ake silipiritsidwa. N'chifukwa chake gulu limene lili ndi makaniko komanso wowotcherera limayamba lili kale patsogolo.

Pali njira yovomerezeka yochepetsera mtengo. Gulu likagula galimoto $900, n'kugulitsa mipando, wailesi, makina oziziritsira mpweya ndi magalasi pa $450, mtengo wake umakhala $450, ndipo latsala ndi $50 yogulira zina. Chofunika ndi umboni: malisiti, chithunzi cha chilengezo chogulitsira galimotoyo, ndi zithunzi zoonetsa mmene inalili isanakhudzidwe.

Tsiku loti mawa mpikisano, galimoto iliyonse imadutsa malo awiri. Oyamba ndi a akatswiri a chitetezo, ndipo kumeneko kulibe kunenerera: chimene chalephera chikonzedwe, apo ayi galimoto siilowa. Achiwiri ndi a oweruza a mtengo, omwe kwa zaka zambiri ankatsogoleredwa ndi Phil Greden, wolemba nkhani za magalimoto wodziwika ndi dzina loti Murilee Martin. Iwowa amatsegula boneti, kugwedeza galimoto kuti amve kulimba kwa mashoko, ndi kusuzumira pansi kuti aone zitsulo zonyezimira zimene zapakidwa dothi. Akakhutira kuti malire adumphidwa, chilango chake ndi raundi imodzi pa $10 iliyonse yopitirira. Galimoto imene akuiyesa ya $1,000 imayamba ndi ngongole ya maraundi 50. Ngati raundi imodzi imatenga mphindi ziwiri, ndiye kuti gululo lataya mphindi 100 lisanalize n'komwe injini.

Oweruza omwewo amagawa magalimoto m'magulu atatu. Gulu A ndi la amene angathe kupambana mpikisano wonse, B ndi la amene angamalize bwino, C ndi la amene kungomaliza kokha ndi nkhani. Malamulo amapatsanso okonza mpikisano ufulu wogula galimoto iliyonse pa $500 mpikisano ukatha. Sachitachita zimenezi, koma kungodziwa kuti n'zotheka kumaletsa munthu kubisa injini yodula m'galimoto yadzimbiri.

Chimodzi chiyenera kumveka bwino: $500 si mtengo wa kulowa mpikisano. Khola, mpando, zovala zosagwira moto za dalaivala aliyense, matayala, petulo wa masiku awiri, kukoka galimoto kupita kubwalo ndi ndalama zolembetsera zimapitirira $500 kangapo. Amene amaona kuti kumeneku n'kunama sanamvetse cholinga. Lamuloli limaletsa kugula liwiro, silimaletsa kugula moyo.

Kusankha galimoto

Iyenera kukhala galimoto ya matayala anayi yopangidwa yambiri m'fakitale kuti iziyenda pamsewu, yosalemera kuposa mapaundi 4,200, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 1,900, pokhapokha okonza atapereka chilolezo. Zimene zachita bwino kwa zaka zambiri ndi BMW E30, Mazda Miata ndi Volvo 240, ndipo Alfa Romeo Milano, imene pamsewu inali ndi mbiri yovutavuta, inadabwitsa anthu ndi kulimba kwa injini yake ya V6. Magalimoto a injini zikuluzikulu za V8, monga Chevrolet Camaro yakale, akhala akukhumudwitsa eni ake: amatentha, amadya mabuleki, amamwa petulo wambiri. Ford Crown Victoria imene apolisi anasiya ndi yotchipa ndipo zida zake zili paliponse, koma kulemera kwake kumatha mapadi ndi matayala akutsogolo, ndipo giyabokosi yake ya otomatiki imafuna choziziritsira oyilo chapadera.

Posankha, funso loyamba lisakhale la mphamvu ya injini. Likhale lakuti: chitsulo chikathyoka Loweruka madzulo, kodi china chipezeka pa malo ogulitsa zida za magalimoto akufa a pafupi usiku womwewo? Lachiwiri ndi dzimbiri. Pansi pa galimoto pakadyeka m'malo oimikapo khola, ntchito yoika zigamba imaposa phindu la mtengo wotsikawo.

Khola ndi zotetezera

Apa ndi pamene magulu atsopano amabwezedwa kwambiri. Malamulo amaunikidwanso chaka ndi chaka, koma miyezo ya mapaipi yakhala motere kwa nthawi yaitali: galimoto yosafika mapaundi 3,000, kapena kuti makilogalamu 1,360, imafuna paipi ya mamilimita 38 m'mimba ndi khungu la mamilimita 3, kapena ya mamilimita 44.5 ndi khungu la mamilimita 2.4. Yolemera kuposa apo imafuna ya mamilimita 44.5 ndi khungu la mamilimita 3. Akhale mapaipi a chitsulo opangidwira ntchitoyi. Mapaipi a madzi ndi a ekizozi saloledwa.

Uta waukulu wa kumbuyo kwa dalaivala ukhale paipi imodzi yopindidwa ndi makina, osati zidutswa zolumikiza. Popinda pasakhale makwinya kapena kuphwatalala, chifukwa galimoto ikagubuduzika paipi imagonjera pamenepo. M'kati mwa utawo mumadutsa paipi yopingasa kuchokera pamwamba mbali ya dalaivala kutsikira pansi mbali inayo, ndipo mapaipi awiri owongoka amauchirikiza chakumbuyo. Pakhomo la dalaivala pamafunika mapaipi awiri otchinga. Phazi lililonse la khola limaima pa mbale yachitsulo yokhuthala mamilimita osachepera 3.2 ndi yotambalala masikweya sentimita pafupifupi 155. Popanda mbale imeneyi, paipi imaboola pansi pa galimoto ngati msomali pa lata.

Cholakwika chofala ndi kuwotcherera kosazungulira. Malo olumikizira apamwamba amayandikana ndi denga, moti wowotcherera safikira mbali yakumwambayo ndipo amaisiya. Oyendera amapisa kalirole kapena chala pamenepo, n'kubweza galimoto. Njira yake ndi kuboola mabowo pansi pa mapazi a khola, kulitsitsa masentimita angapo, kuwotcherera pamwamba pozungulira ponse, kulikwezanso, kenako n'kulowetsa mbale zija. Chachiwiri ndi kuika khola musanaike mpando. Chipewa cha dalaivala wamtali kwambiri pagululo chiyenera kukhala masentimita 5 pansi pa msinkhu wa khola, choncho mpando uyambe wakhazikika, munthuyo akhalepo atavala chipewa, ndiye muyeze.

Malamba omangira dalaivala amakhala ogwira malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo amatha ntchito potengera deti lolembedwa pa iwo. A pamapewa amangiriridwe pa paipi yolingana ndi mapewa kapena yotsikirapo pang'ono chabe. Akamangiriridwa pansi penipeni kumbuyo kwa mpando, pangozi amakanikizira msana pansi m'malo mogwira chifuwa. Chipewa chimakhala chotseka nkhope yonse cha mulingo wa Snell SA, chophatikiza ndi chogwirira khosi.

Swichi yozimitsira magetsi imagwetsanso ambiri. Munthu amaiika pa waya wa batire wokha, n'kuganiza kuti watha. Woyendera akaizimitsa injini ikulira, injiniyo imapitirirabe, chifukwa olitaneta ikudyetsabe magetsi kumapulagi. Waya wochokera ku olitaneta uyenera kupita mbali ya batire ya swichiyo, kapena swichi ikhale ndi mbali yachiwiri yodula magetsi a koyilo kapena a pampu ya petulo. Batire limangidwe ndi chitsulo, mutu wake wa pozitivi uphimbidwe, loko wa chiwongolero achotsedwe, ndipo bowo lililonse la pakhoma lolekanitsa injini ndi dalaivala litsekedwe ndi chitsulo kuti moto usadutse.

Zimene zimapha magalimoto m'bwalo

Galimoto ya zaka 30 imene yakhala ikuyenda pang'onopang'ono m'tauni imayamba kuthamangitsidwa pafupi ndi malire ake kwa maola 8 osapuma. Zofooka zake zimaonekera motsatana, ndipo choyamba pafupifupi nthawi zonse ndi kutentha.

Malamulo amalola madzi okha mu radiyeta, popanda mankhwala oletsa kuundana, chifukwa mankhwalawo akatayikira pa tala amaterera ngati oyilo. Madzi amawira pa madigiri 100, koma chivindikiro cha radiyeta chogwira mphamvu ya bar imodzi chimakweza malirewo kufika pafupifupi 120. Chivindikiro chakale chofooka chimataya mwayi wonsewu, ndipo chatsopano ndi chotchipa kwambiri. Mapaipi onse a labala, ngakhale aang'ono opita ku hita, asinthidwe kapena atsekedwe bwino. Mipata ya pakati pa bampala ndi radiyeta itchingidwe ndi lata kapena pulasitiki, chifukwa mpweya umalambalala radiyeta ukapeza podutsa posavuta. Ndiye pali msampha wa geji. Paipi ikaphulika madzi n'kutha, kachipangizo koyeza kutentha kamatsala mu nthunzi, ndipo singano imatha kutsika m'malo mokwera. Dalaivala amaona ngati zonse zili bwino pamene hedi ikupindika ndipo gasiketi ikupsa. Mankhwala ake ndi swichi yaing'ono yomva mphamvu ya madzi, yolumikizidwa ku nyale yaikulu yofiira imene dalaivala sangalephere kuiona.

Chachiwiri ndi oyilo. Pakona yaitali, oyilo amathawira mbali imodzi ya sampu, pampu n'kuyamwa mpweya kwa masekondi awiri kapena atatu. Zikamachitika raundi iliyonse, mabeyaring'i a makonirodi amadyeka, injini imayamba kugogoda, ndipo mapeto ake konirodi imatulukira pambali pa buloko. Magulu odziwa amawotcherera timakoma ta lata m'kati mwa sampu kuti oyilo asathawe, amathira oyilo wopitirira mzere ndi theka la lita, ndipo amayeza nthawi iliyonse dalaivala akusinthana ndi mnzake. Kuthira wochuluka kuposa apo kumabweretsa vuto lina: kirankishafuti imamenya oyiloyo n'kukhala thovu, ndipo thovu silinyamula beyaring'i. Kusintha giya singano isanafike pofiira, kutsala ndi ma rpm 500 kapena 1,000, kumachedwetsa galimoto pang'ono koma kumatalikitsa moyo wa injini kwambiri.

Pa BMW E30 ya injini ya M20 pali chowonjezera: lamba wa taimingi akaduka, mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Lambayu, chomukungira ndi pampu ya madzi zimadya gawo la $500, ndipo ndi ndalama zoyamba zimene gulu lanzeru limawononga, lisanaganize za mashoko.

Mabuleki saali m'malire a ndalama, choncho palibe chifukwa choumira. Oyilo wa mabuleki amayamwa chinyezi akamakalamba. Wa mtundu wa DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akanyowa malirewo amatsika kufika 140. Wa DOT 4 ndi 230 ali watsopano ndi 155 atanyowa. Akawira, pedulo imangolowa mpaka pansi popanda kugwira. Oyilo yense wakale atulutsidwe, alowe wa mpikisano wowira pafupi ndi madigiri 300. Mapadi wamba a pamsewu amatha kusungunuka m'maola ochepa, moti pamafunika opangidwira mipikisano yaitali, ndi ena apadera m'bokosi. Mapaipi obweretsa mpweya kuchokera kubampala kufika pakati pa disiki amathandiza mapadi komanso mabeyaring'i a mawilo, amene girisi wake amasungunuka ndi kutentha komweko.

Matayala amalamulidwa ndi nambala ya kulimba yolembedwa pambali pake, imene siyenera kuchepera 190. Matayala ofewa a mpikisano weniweni saloledwa. Lamuloli limateteza galimoto yokalamba: tayala logwira kwambiri limawonjezera katundu pa mahabu, pa mabolojointi ndi pa vuto la oyilo lija.

Masamu a mpikisano wautali

Tiyerekeze kuti raundi imatenga mphindi ziwiri ndipo mpikisano ndi wa maola 14. Galimoto yosaima konse ingazungulire maraundi 420. Ina yothamanga kuposa iyi ndi masekondi awiri pa raundi ingapeze masekondi 840, omwe ndi mphindi 14, kapena maraundi 7. Phindu lonse la injini yamphamvu ndi limenelo. Kuitanidwa kamodzi kukalandira chilango kwa mphindi 15 kumalifafaniza. Kusintha gasiketi ya hedi kwa maola atatu kumataya maraundi 90.

Kuthira petulo kulinso ndi malamulo ake odya nthawi. Dalaivala atuluke, magetsi azimitsidwe, wothira ndi wogwira chozimitsira moto onse avale zovala zosagwira moto ndi zipewa zotseka, pansi paikidwe chotengera wodontha, ndipo pa nthawiyo wina asagwire ntchito ina iliyonse pa galimotoyo. Galimoto yotha maola awiri pa thanki imodzi imaima kasanu ndi kamodzi pa maola 14, pamene yotha ola limodzi imaima pafupifupi kuwirikiza kawiri. Thanki yapadera ya mpikisano imaloledwa mpaka magaloni 24, malita pafupifupi 91. Ndi thanki ya fakitale, petulo akatsika kwambiri injini imayamba kudukiza pakona chifukwa pampu ikuyamwa mpweya, ndipo gulu liyenera kudziwiratu kuti zimenezi zimayamba pa mphindi ingati.

Mbendera yakuda, yoitana dalaivala kukalandira chilango, imakwezedwa iye akagunda mnzake, akatuluka m'njira, akazungulira galimoto itamupulumuka, kapena akapitirira wina pamene pali mbendera yachikasu yochenjeza za ngozi. Zilango za Lemons zinatchuka chifukwa chochititsa manyazi: kulemba chiganizo chimodzi kambirimbiri pa galimoto, kapena, m'zaka zoyambirira, kuwotcherera chithunzi chachitsulo cha chiweto padenga. Zimaseketsa oonerera, koma ntchito yake ndi yeniyeni. Ambiri mwa madalaivalawa alibe chiphaso cha mpikisano, ali ndi laisensi wamba ya pamsewu, ndipo dalaivala amene watenthedwa mutu amafunika kutulutsidwa m'galimoto kwa kanthawi. Gulu likachulukitsa mbendera zakuda limaimitsidwa kwa maola kapena kwa tsiku lonse.

Mphoto ndi magalimoto odabwitsa

Mphoto za ndalama kawirikawiri zimaperekedwa mu makobidi a masenti 5. Kobidi limodzi limalemera magalamu 5, choncho $500 ndi makobidi 10,000 olemera makilogalamu 50. Okonza analonjezanso $50,000 kwa galimoto yamagetsi yoyamba kupambana mpikisano wonse, omwe ndi makobidi 1 miliyoni, matani asanu.

Mphoto yolemekezeka kwambiri si ya amene wazungulira maraundi ochuluka. Ndi Index of Effluency, imene inatengera mphoto yakale ya ku Le Mans yotchedwa Index of Thermal Efficiency, ndipo imapita kwa gulu limene lachita zambiri ndi galimoto yosayenera n'komwe kukhala m'bwalo. Mphotoyi ndi imene yateteza mpikisanowu kuti usadzaze ndi BMW ndi Miata zokhazokha. M'zaka zoyambirira munalinso People's Curse: magulu ankavotera galimoto imene yawasowetsa mtendere, ndipo inkaphwanyidwa pamaso pa onse, nthawi zina ndi makina okumbira. Mwambowu unasiyidwa, ndipo anachita bwino kuusiya. Anthu atayamba kuika miyezi ya ntchito ndi ndalama zambiri za khola m'magalimoto awo, kuwaphwanyira chifukwa cha voti kunasanduka chilango chopyola mlandu, pomwe mbendera yakuda ndi maraundi a chilango zinali zikugwira kale ntchito yoweta osamvera.

Pa magalimoto odabwitsa, odziwika kwambiri ndi a Jeff Bloch, wotchedwa Speedycop. Anatenga thupi la ndege ya Cessna 310 ya 1956 n'kuliika pa tcheresi ya vani ya Toyota, n'kuitcha Spirit of LeMons. Anapanganso Chevrolet Camaro yozondoka, thupi lake litakhala chadodolido pamwamba pa Ford Festiva yaing'ono, matayala onamizira ali m'mwamba. Onse awiri anadutsa kwa oyendera chitetezo omwewo, ndi miyezo yomweyo ya mapaipi, mbale ndi malamba, asanaloledwe kulowa m'bwalo.